Sabata yapa Bua, kuwerenga mpasa

Lolemba tinayamba ndi kukonza biyo, mpanda wa nsungwi ndi bango uja timatchinga nawo mtsinje wa Bua kumunsi kwa nkhalango ya Nkhotakota. Timasiya mipata nkutcheramo mono, ndiye mpasa ikamakwera kuchokera kunyanja kukaswana ikapeza patsekedwa imangotsata mpanda mpaka kulowa yokha. Nzeruyi ndi ya asodzi kuyambira kale, kusiyana kwake nkoti ife tikavuula timayeza pa tepi ndi pa sikelo, kuona ngati ili ndi mazira, kulemba pa fomu, kenako nkuitaya kumtunda kwa mpanda izipita. Madala amene amatilukira mono zimawawawa heavy, akuti "ana inu ndiwo mukuziponya m'madzi dzuwa likuswa mtengo".

Lachiwiri zinayenda bho, sanjika zambiri, mpasa zochepa koma zonenepa. Ntchila sindinaione ngakhale imodzi, ndipo madala aja akuti kale inkadzadza mono mpaka kulephera kunyamula.

Lachitatu usiku kumtunda kunagwa chimvula ife osadziwa, kuno kunali nyenyezi zokhazokha. Tikudzuka madzi ali phuliphuli ofiira ngati thobwa, zinyalala ndi mapesi zatsamira pampanda, mbali imodzi yagwa, mono ziwiri zapita. Kulowamo sitinayerekeze, Bua ali ndi ng'ona ndipo m'madzi amatope suona kanthu. Matope amenewa ndi amene amandidandaulitsa kuposa maukonde a asodzi, chifukwa mpasa imaikira mazira pa timiyala m'malo osaya oyenda madzi oyera, anthu akalima mpaka m'mphepete dothi limakwirira timiyala tonse.

Tinamanganso Lachisanu madzi atatsika. Madzulo abwana anaimba kuti bwanji Lachinayi ndi Lachisanu m'mawa mulibe kanthu pa fomu, ingolembanimo 0 tizilowetse mu kompyuta. Ndinawauza mwaulemu kuti bwana, 0 ndiye kuti mpanda unalipo koma nsomba sinabwere, pomwe apa mpandawo ndi umene kunalibe, mwinanso masiku amenewo ndi omwe zinadutsa zambiri poti madzi akakwera nsomba zimakonda kuyenda. Wina akadzawerenga patsogolo adzati mpasa zinasowa sabata imeneyo. Anangoti "chabwino, lembani mmene mukuonera".

Ndinalemba "biyo inagwa, sitinawerenge". Loweruka mamawa mono yoyamba kuvuula inali ndi mpasa yaikazi mimba ili tha, madala anaigwira nthawi yaitali ndithu asanaitaye.