Mwana wathu wamaliza chiponde, zikomo nonse

Lero ku sikelo atiuza kuti mwana wathu wamaliza chiponde. Kalamba koyezera pamkono kaja, komwe kanali pofiira, tsopano kafika pobiriwira. Ndati ndisagone ndisanakuthokozeni.

Anzanga a kuno ku Nsanje mukudziwa momwe chilala cha 2024 chinatisiyira. Tinali tisanadzuke bwino ku namondwe wa Freddy, chimanga n'kuuma chisanamasule. Mu Marichi boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi, koma ife tinali titaziona kale m'munda. Pofika kumapeto a chaka tinkadya nyika, mizu ya zomera za m'madzi, bambo a mwanayu akukazula m'madambo a Shire, ng'ona zili momwemo.

Woyamba kumuthokoza ndi mayi wa ku Mozambique amene sindikudziwa ngati adzawerenga izi. Anawoloka mu Disembala pamodzi ndi ena ambiri othawa zipolowe za chisankho cha kwawo, ndipo anagona m'khitchini mwathu asanapite kumsasa wa Nyamithuthu. Ena ankang'ung'udza kuti tikudyetsa alendo ife tilibe. Ndi mayi ameneyu amene anagwira phazi la mwana, n'kudina ndi chala, dzenje n'kutsala. Anati, "Mayi, uku si kunenepa. Mawa m'mawa kuchipatala." Pamudzi panali patayamba kale manong'onong'o a tsempho, ena akuloza bambo ake chala. Za tsemphozi tiyeni tizikambirana mwana ali kale m'manja mwa adokotala.

Zikomo alangizi a zaumoyo, munabwera pa njinga dzuwa lili pamutu, mukutikumbutsa kuti chiponde ndi mankhwala, si chogawana ndi akulu ake. Kunena zoona pamenepo panali povuta, enawo akuyang'ana paketi ndi maso a njala. Munatipatsanso kolorini wothira m'madzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife tinkaopa kuti mwana wofooka chonchi sangapirire kutsegula m'mimba.

Anamwino a kuwodi ya ana onyentchera, mkaka uja munkatidzutsa nawo usiku, Mulungu akudalitseni. Amayi a kutchalitchi, zikomo chifukwa cha ufa, nyemba ndi kundisungira ana kunyumba. Achimwene a ku Johannesburg, ndalama ija inafika, tinagula thumba la chimanga ndi mbewu ya mbatata.

Ngati alipo amene amadutsa ku Morrumbala ku Mozambique, chonde ndilembereni. Ndikufuna uthenga ukawafike mayi aja kuti mwana akuyenda.