Loweruka: nsapato, makalata ndi mkangano wa njira

Tinakumana pa Katoto, mu Mzuzu muno, kusanache bwino, chifunga chitakuta paliponse moti ogulitsa mandasi ankangomveka mawu okha. Loweruka lililonse timayesa miyendo pokonzekera ulendo wathu wa mapemphero wopita ku Livingstonia wapansi. Ndi kagulu kochepa ka anthu a mpingo umodzi, tinangogwirizana tokha. Lero tinalowera msewu wa M1, kudutsa ku Luwinga, pa Mzuni, mpaka kupitirira pa Dunduzu, aliyense atabereka chikwama chimene adzanyamule tsikulo. Akulu ampingo amene akutitsogolera sakufuna munthu woyeserera chimanjamanja. Akuti chikwama chimapepuka pakhomo, kulemera kwake chimayambira pamene dzuwa lafika pamutu. Atiumirizanso kuyenda kumanja kwa msewu, kuti galimoto zizibwera tikuziona, osati kutidzidzimutsa kumbuyo.

Pobwerera mlamu wanga anayamba kutsimphina. Anabwera ndi nsapato zatsopano, zonyezimira, akuti anazigulira ulendowu. Atakhala pa kalavati n'kuvula, tinapeza thuza lalikulu pachidendene litaphulika kale, sokosi itamatirira pabala. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene ndi namwino, anatsuka ndi madzi a m'botolo, n'kumata pulasitala, uku akumukalipira mwachifundo: "Achimwene, nsapato ya ulendo imayamba yazolowera phazi, simuiyambira panjira." Kenako anatiphunzitsa tonse pomwepo m'mbali mwa msewu: kuwenga zikhadabo, kupaka Vaseline pakati pa zala tisananyamuke, kusintha masokosi akangonyowa thukuta, ndiponso kumva kapsepse kakangoyamba n'kumata pomwepo thuza lisanatuluke. Mlamu tinamukweza minibasi.

Masana ndinalowa mumsika, ku kaunjika. Ndinachita dala kupita nditayenda kale, chifukwa phazi likatupa ndi pamene umadziwa saizi yako yeniyeni. Mnyamata wogulitsa ankandikankhira zachikopa zolemera, "Asisi, izi ndi za ku London, simudzagulanso zina." Ine ndinatenga zopepuka zansalu, zokulirapo pang'ono, zapansi pokhuthala. Ndinagulanso WaterGuard, mapaketi a Thanzi, mabatire a tochi ndi mtedza woti ndikakazinge. Ufa sitinyamula, tizikagula m'njira.

Nkhani yaikulu inali madzulo ku tchalitchi. Tonse tikugwirizana kuti usiku woyamba tikagone ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni muno, pamishoni imene inayamba mu 1889. Kuchoka apo ndi Enukweni, kenako Bwengu. Pa Bwengu ndi pamene tagawikana maganizo.

Achinyamata ndi amayi ambiri akufuna tikapatuke kulowera ku Njakwa, tidzere ku Mhuju ndi ku Nchenachena, tikatulukire ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia, chakumtunda. Kumeneko midzi ndi yoyandikana, kumazizira bwino, ndipo magalimoto akuluakulu ndi ochepa. Akulu ampingo aja, bambo wa imvi zawo, akuti ayi. Iwo akufuna titsatire M1 mpaka ku Phwezi, titsike mapiri a Chiweta, tikagone ku Chitimba m'mbali mwa nyanja, kenako m'mamawa tikakwere msewu wa Gorodi ndi makhotamakhota ake 20 aja. Anatikumbutsa kuti mishoni ya Livingstonia inabwera ndi nyanja: inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atavuta inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakwera nayo ku Khondowe. "Ana anga," anatero, "katundu wa pamwamba paja ankatsika m'sitima, anthu n'kumusenza pamutu kukwera naye phiri. Ife tikalowere kuseri ngati obwera ku ukwati mochedwa?" Anthu anaseka, koma palibe anawayankha msanga.

Ine mtima wanga uli ndi bambowa, koma mutu uli ndi amayi. Phiri la Gorodi silikundiopsa, munthu umapuma pakhota lililonse ukuyang'ana nyanja kumunsi. Chondiopsa ndi Chiweta. Aliyense amene anatsikapo pa basi akudziwa mmene msewuwo umapanikizira, mbali iyi thanthwe, mbali iyo phompho, ndiye mathiraki ochokera ku Tanzania ndi onyamula malasha akudutsana pomwepo. Gulu la anthu otopa, ena a zaka zopitirira 60, kuliika pamalo otero si nzeru. Ndinapereka ganizo loti chigawo chimenecho chokha tikwere galimoto, tikayambirenso wapansi titatsika. Ena anagwedeza mitu kuvomera, ena akuti ndiye kuti si ulendo wapansinso. Abusa anati tipite tikagonere nkhaniyi.

Zimene tamanga lero n'zina. Tinyamuka mu Ogasiti, mvula itatheratu komanso dzuwa la kunyanja lisanafike poipa. Tizinyamuka m'bandakucha, kupemphera tisanaponde msewu, kupuma pamthunzi dzuwa likakula, ndipo pofika 3 koloko tikhale tafika pogona kuti tipeze nthawi yotunga madzi, kuchapa masokosi ndi kuphika kudakali kowala. Aliyense juzi, chitenje, chofunda chopepuka, mbale yake ndi masikito, makamaka ngati njira ya kunyanja ipambane. Ndalama za gulu zikhala pa foni ya msungichuma, m'thumba tizisunga zochepa zogulira nthochi ndi chindongwa. Ofuna kukaona Stone House, nyumba yakale ya Dr Laws, ndi mathithi a Manchewe auzidwa kuti zimenezo zibwere titamaliza mapemphero, asakabalalike tisanalowe m'tchalitchi.

Ntchito imene yagwera ine ndi ya makalata. Sitingangofika pampingo wa eni usiku ndi zikwama n'kumati tigone. Ndilembere abusa a malo alionse ogona, kutchula tsiku, chiwerengero cha amayi ndi abambo, ndi kunena poyera kuti chakudya tikadziphikira tokha, tikungopempha denga ndi malo osonkhapo moto. Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, wavomera kundithandiza kuziika m'Chitumbuka chaulemu, poti changa n'chamumsika. Ya ku Ekwendeni ndi ya ku Enukweni ndazilemba kale usiku uno, zipita Lolemba. Zotsalazo zidikira kaye mpaka nkhani ya pa Bwengu itatha.