Chithunzithunzi cha bokosi la miyeso inayi

Chilichonse chimene timachigwira ndi manja chili ndi miyeso itatu, mulitali, mulifupi ndi msinkhu, koma masamu salekera pamenepo. Bokosi la mbali zonse zofanana lili ndi ngodya 8 ndi mizere ya m'mphepete 12, pamene mnzake wa miyeso inayi, yemwe Charles Hinton anamutcha tesseract mu 1888, ali ndi ngodya 16, mizere 32 ndi mabokosi 8 omutchinga. Kuwerengetsera zimenezi nkosavuta. Chovuta ndi kuziona.

Njira imene kompyuta imatsata pojambula tesseract ndinaimvetsa nditapempha mnyamata wina wa ku Chinamwali, katswiri wopanga magalimoto a mawaya, kuti andipindire bokosi. Titaliunika ndi tochi usiku, pakhoma panaoneka sikweya yaikulu ndi ina yaing'ono mkati mwake, ngodya zake zitalumikizana, chikhalirecho pa wayapo masikweya onse anali ofanana. Mbali yoyandikira tochi ndiyo inkakula. Kompyuta nayo imasunga ngodya 16 zija, iliyonse ndi manambala anayi, ndipo imachepetsa kapena kukulitsa manambala atatu molingana ndi kutalikira kwa ngodyayo pa muyeso wachinayi. Chotsatira chake ndi bokosi laling'ono mkati mwa lalikulu.

Kwa ine, chithunzi choima chimenechi chimasocheretsa kuposa kuphunzitsa, ndipo ndaonapo ophunzira masamu kuno ku Zomba akukhulupirira kuti bokosi lamkatilo ndi laling'onodi. Phindu lenileni la kompyuta lili pa kuzunguza. Tesseract ikayamba kuzungulira, bokosi lamkati limafufuma nkutulukira kunja, lakunja lija nkufota kulowa mkati, koma palibe mzere ndi umodzi womwe umene ukupindika kapena kutalika. Chikusintha ndi chithunzithunzi chokha. A. Michael Noll anaonetsa zimenezi pa kompyuta ku Bell Labs, malo a kafukufuku wa sayansi ku America, m'zaka za m'ma 1960, ndipo Thomas Banchoff wa ku Brown University anazipititsa patsogolo mu 1978. Lero foni wamba ikuchita ntchito yomweyo.

Ludwig Schläfli wa ku Switzerland anapeza cha m'ma 1850, popanda makina alionse, kuti m'miyeso inayi muli zinthu 6 za mbali zofanana chonchi. Chimodzi mwa izo chili ndi ngodya 600 ndi mizere 1,200, moti pa sikirini chimangosanduka mpiringidzo mpaka wojambulayo atabisa mizere ina ndi kupaka zigawo zotsalazo mitundu yosiyana.