Zikhadabo za shuga, sabata yachitatu: nsima yandiphunzitsa

Lero ndakwanitsa masabata atatu chiyambire kuseweretsa zikhadabo zanga ndi tinthu tokhakhala, ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika ndisanaiwale kkk.

Zinayamba ndi timavidiyo ta pa TikTok tija, atsikana akuwaza kaufa pa chikhadabo chonyowa kenako chikuoneka ngati achiviika mu shuga. Ine ndi phuma langali ndinangotsegula kabati, kutapa shuga weniweni wa tiyi, kupaka Cutex wa pinki n'kuwaza pamwamba. Zinakongola amwali, sindikunama, koma kwa maola awiri basi. Nditangotsuka makapu shuga yense anasungunuka, chikhadabo kutsala ndi timaenje ngati msewu wa kwathu nthawi ya dzinja.

Kenako ndi pomwe ndinazindikira kuti anzathuwo sathira shuga ayi, amathira kaufa kotchedwa acrylic powder pa gel yemwe sanaume (gel ndi utoto wa zikhadabo wouma ukauika mu lampu). Ndinapita ku Limbe kukagula kalampu ka LED kolumikiza pa USB, base (yopaka poyambirira), mitundu iwiri ya gel, top coat (yopaka pamwamba) ya no-wipe, yomwe ikauma simata, ndi kabotolo ka powder. Kachitidwe kake ndakagwira tsopano: base masekondi 60 mu lampu, mtundu kupaka mopyapyala kawiri ukuumitsa ulendo uliwonse, top coat kuumitsanso, ndiyeno pamwamba posalala paja ujambule mizere ndi gel, uwaze powder yambiri mizereyo ili yonyowa, lampu kachiwiri, kenako usase ndi kabulashi. Powder imamata pokhapo pali gel wonyowa, ndiye chifukwa chake top coat iyenera kukhala ya no-wipe, ukagwiritsa ina ija yomata powder imangodzadza chikhadabo chonse mizere osaoneka. Ndipo usapakenso top coat pamapeto, ine ndinatero ulendo woyamba kukhakhala konse kunakwiririka, ntchito ya ola lathunthu kupita m'madzi.

Mizereyo ndimajambula ndi kamtengo kotokosera m'mano, timadontho ndi mutu wa phini wa tsitsi. Ndinatengera timadayamondi ta pa chitenje chakale cha amayi ndipo ukakhudza zimamveka ngati juzi yoluka, tsiku lonse ndimangodzisisita ndekha mu minibasi ngati wamisala. Lachinayi magetsi anathima ndili pakati, mwayi kalampu kanayaka ndi power bank.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Lamulungu. Ndinamata timikanda ting'onoting'ono tija amati caviar beads pa zala zitatu za dzanja lamanja, tagolide, ndikudzimva ndithu. Masana nsima ya therere. Abale inu. Mbamu yoyamba yokha nsima inalowa pakati pa mikanda yonse, therere n'kubwera kudzamata bwinobwino, posamba m'manja ndinachita kutokosa ndi mswachi wakale. Mng'ono wanga anangotola kamkanda kamodzi m'mbale ya ndiwo n'kufunsa, "Achemwali, izi mwathira dala kapena?" Ndinangoti zii.

Amene amajambula mavidiyo aja amadya ndi foloko, ndaona. Ndiye ndasintha, zokhakhala zonse zikupita ku dzanja lamanzere, chala cha mphete ndi chapakati basi, lamanja likhale losalala mtundu umodzi. Zandikomeranso chifukwa kujambula ndi lamanzere ndimangopanga zokhotakhota. Mikandayo ndikumaiika pakati pa chikhadabo, osafikitsa kunsonga, ndipo m'mbali mwake ndikumazunguliza ka top coat ndi kamtengo kaja kuti isakoleke mu tsitsi kapena pochapa. Ya ulendo uno yatha masiku asanu, wagwa umodzi wokha.

China, gel asakhudze khungu. Chala changa chachikulu chinayabwa masiku awiri nditasiya gel m'mbali osapukuta, ndipo gel wambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa HEMA omwe thupi likayamba kudana nawo silibwereranso, ndiye panopa ndikumapukuta kaye ndisanalowetse mu lampu. Pochotsa ndimapala pamwamba ndi file, thonje loviika mu acetone (mankhwala ochotsera gel), kukulunga ndi foyilo mphindi 15. Chimodzi ndinachisenda ndi mano chifukwa cha ulesi, mpaka pano ndi chopyapyala ngati khoko la anyezi, ndachisiya chipume kaye.

Msuweni wanga wa ku Joni akuti anditumizira flocking powder, kaubweya kaja kopangitsa chikhadabo kukhala ngati veleveti. Ndidzayesa Loweruka madzulo ndikamaliza kuchapa, osati ndisanachape.