Nkhoswe pa thabwa la sayansi

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira za uinjiniya, ndipo tchuthi chathachi anadzakhala kwathu ku Chinamwali. Ine ndine kalipentala, ndiye shedi yanga anaisandutsa labu.

Anadula mapisi awiri aatali a pulayiwudi n'kuwamata ndi guluu, koma kunsonga imodzi analowetsa kapepala ka jumbo pakati kuti pamenepo pasagwirane. Ndinamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Iye amvekere, "Amalume, umenewu ndi mng'alu wadala. Zinthu zosanjikiza zimayamba kusendeka pamene pali kachilema, kenako mng'aluwo umayenda." Anandiuzanso za A. A. Griffith, Mngelezi amene mu 1921 anasonyeza ndi galasi kuti timing'alu tosaoneka ndi maso n'timene timafooketsa chinthu. M'mbali mwa thabwalo anapaka tipekisi n'kulemba timizere ta mamilimita. Ankafuna kulikhazika pa zochirikiza ziwiri, kulilemetsa pakati pang'onopang'ono, n'kuona kuti mng'alu uyamba kuyenda katundu akafika pati. Akuti kumalabu enieni amachita zimenezi ndi makina, poyesa zipangizo za mapiko a ndege.

Loweruka kunyumba kunali chinkhoswe, ine nkhoswe ya kuchimuna. Mipando inaperewera, ndiye mnyamata wanga wa kushedi anatola thabwa lija n'kulikhazika pa makireti awiri. Mwaulemu wake anandilozera pakatikati penipeni.

Akuchikazi ali mkati molankhula, ndinamva "tswa!" pansi panga. Ndinakhosomola kuti anthu aganize kuti ndi chifuwa. Kuyang'ana pansi, ndinaona mwana uja akukwawa pakati pa miyendo ya alendo, foni kudzanja ili, rula kudzanja linali.

"Amalume, musasunthe! Wayamba kuyenda! Mamilimita 5... 9... 14! Pumani pang'onopang'ono!"

Munthu wophunzitsidwa ndi ndalama zathu, m'malo mondigwira mkono ankajambula vidiyo. Pa 30 sanafikepo. Ndinapezeka chagada, khu, nsapato kumwamba, mbale ya thobwa pachifuwa. Amayi ena akumbuyo, osadziwa chachitika, anayamba nthungululu.

Ndisanadzuke n'komwe, iye anagwada pambali panga ndi cholembera.

"Amalume, mumalemera makilo angati? Popanda nambala imeneyo ntchito yonseyi yapita pachabe."

Ndinanong'oneza kuti 78. Mayi a kunyumba anakuwa ali kukhitchini: "Lemba 96, mwanawe! 78 inali ya chaka chimene tinakwatirana!"