Ku Bristol Hi-Fi Show anandisiya ndekha m'chipinda

Sabata yathayi ine ndi anzanga a kukampani yathu tinali ku Bristol ku England, ku shoo ya zoimbira ija imachitika mu February chaka chilichonse, Lachisanu mpaka Lamlungu, m'hotela momwe amachotsa mabedi n'kupatsa kampani iliyonse chipinda chake. Lolemba mpaka Lachitatu zinali za nthawi zonse, kupakira, kuyeza makebulo, kulemba mabokosi. Lachinayi kunyamula, masipika olemera kuposa thumba la simenti iliyonse, lifiti pamzere chifukwa aliyense akufuna kukwera nthawi imodzi.

Amene munasetako m'chipinda cha hotela mukudziwa vuto lake, kachipinda kakang'ono makoma opyapyala, bezi imangogunda pakona osamveka bwino, ndiye ndinakhala mpaka usiku kusuntha masipika pang'onopang'ono, tepi pansi, kumvera, kusunthanso. Kenako kunabwera kulira kwa magetsi kwa 50Hz kuja, mpaka ndinapeza kuti waya wa earth wa turntable (makina oimbira mbale za nyimbo) sunagwire bwino pa phono stage (chipangizo chokweza mawu ochokera ku turntable). Pofika Lachisanu m'mawa zimamveka bwino ndithu ndipo ndinanyadira, mawu a woimba amakhala pakati penipeni.

Koma Loweruka ndi lomwe landiwawa. Tinagwirizana kale kuti m'chipinda tizikhala awiri, wina kuika mbale wina kuyang'ana anthu, chifukwa Loweruka ndiye kumadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Abwana anatenga mnzanga kupita naye kukakumana ndi madila, ine kutsala ndekha kuyambira 10 koloko, osadya osapita kuchimbudzi. Cha m'ma 1 koloko ndatembenuka kubweza mbale mu kava yake, bambo wina wawerama kuti aone pafupi cartridge, kachipangizo kogwira singano yowerenga mbale, mkono wa jekete wakola singano. Ndinangomva phokoso m'masipika, chipinda chonse zii. Kuyang'ana, cantilever, kandodo konyamula singano, yapindika kuloza kumbali. Bambo aja anapepesa kwambiri nkhope itafiira, ine sindinawakwiyire ayi, munthu wabwera kudzaona zinthu, ndiye chifukwa chake timafunika awiri.

Cartridge imeneyi inali ya mtundu wa moving coil (MC) yoposa mapaundi 2,000, ndipo mukudziwa MC siili ngati ya mtundu wa moving magnet (MM) yoti ungosolola singano n'kuikapo ina, imayenera kubwerera kwa okonza, masabata ndithu. Sipeya? Ndinapempha abwana tisananyamuke, ngakhale yotchipa, anandiyankha kuti ndi ndalama zongogona mu vani. Ndiye masana onse ndimaimba za streaming, nyimbo za pa intaneti, pomwe chikwangwani pakhomo chikulonjeza mbale, anthu ena abwera ndi mbale zawo m'zikwama kuchokera ku Cardiff ndi ku Birmingham, kumawabweza mmodzimmodzi. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka mtima kuposa cartridge.

Anandipulumutsa ndi tekinishani wa chipinda china, anandibwereka MM yake yasipeya. Usiku ndinaimanga, protractor yowongolera singano, sikelo yoyezera kulemera kwa singano pa magalamu 2, kusintha phono stage kupita 47k yoyenera MM, kumvera mpaka mlonda kudzagogoda. Lamlungu inaimba bwino, sinafike pa MC ija koma palibe anadandaula.

Shoo yeniyeniyo ndinaiona mwa changu Lachisanu tisanatsegule komanso Lamlungu madzulo. Makampani a kuno ngati Rega a ku Southend ndi KEF a ku Maidstone anthu amawakonda, ndipo ndinaona kuti zipinda zomveka bwino sizinali zodula kwambiri ayi, zinali zomwe wina anakhala pansi kuseta mofatsa, masipika ang'ono oyenera chipindacho. Ena anabweretsa zimphona m'kachipinda ka bedi limodzi, bezi kumangogwedeza mawindo.

Lolemba ku ofesi abwana ayamba zoti ndani amayang'anira turntable nthawi imeneyo. Ndinawaonetsa meseji yanga yopempha sipeya ndi ndandanda ya anthu awiri yomwe analemba okha. Ndawauza kuti chaka chamawa popanda munthu wachiwiri ndi cartridge yasipeya atume wina, ine sindipita.