Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku limene dzuwa linatsala ngati chikwakwa

Amene munawerenga gawo lapitalo mukukumbuka kuti uphunzitsi ndinaulowa mu 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi kupulayimale n'kutilemba ntchito ife amene kukoleji tinali tisanapondeko. Pofika 2001 ndinali pasukulu ina yakumudzi m'boma la Dowa, ndikuphunzitsa Sitandade 8, ndipo ndinkadzimva kuti ntchito ndaidziwa.

Za dzuwa ndi mapulaneti ndinkaphunzitsa mmene anandiphunzitsira ineyo. Ndinkajambula mizere yozungulira pabolodi, ana n'kumayimba: Mercury, Venus, Earth, Mars, mpaka kukafika pa Pluto. Nthawi imeneyo mapulaneti anali 9. Akatswiri atakumana ku Prague mu 2006 n'kumuchotsa Pluto pamndandanda, ine ndinangodandaula choko changa. Mayeso ana ankakhoza ndithu, koma panalibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinawatulutsa panja kuti ayang'ane kumwamba. Ndingawatulutse bwanji? Venus ndinkamudziwa pabolodi pokha. Mukanati ndimuloze kuthambo, ndikanangokanda m'mutu.

Mu June wailesi inayamba kulengeza kuti Lachinayi pa 21 kukhala kadamsana. Ku Lusaka kunali kudzada bii masanasana kwa mphindi zoposa zitatu, pomwe kwathu dzuwa linali kudzaphimbika mbali yaikulu koma osati lonse. Ine ndi nzeru zanga ndinatolera zidutswa za galasi la windo losweka, usiku n'kumazidetsa ndi mwaye wa koloboyi, zala zili bii. M'mawa ndinapita nazo kwa ahedi, ndikuyembekeza kuti andiyamikira.

"Aphunzitsi," anatero, akuzitembenuza m'manja, "mukufuna makolo abwere pano ndi mipini? Mwana mmodzi akapsa maso, mukayankha ndinu?"

Anazitsekera mu kabati. Ndinakwiya tsiku lonse, koma bambo aja ankanena zoona. Mwaye sugwira mofanana pagalasi ndipo sutsekereza cheza chonse chimene chimawotcha mkati mwa diso. Choopsa n'chakuti mkatimo simumva kuwawa, munthu amadzazindikira pambuyo pake kuti sakuona bwino. Anandilola chinthu chimodzi: ana otsala akaweruka atsale, koma aliyense maso pansi.

Anatsala ana oposa 30. Tinakhala pansi pa mibulugama kuseri kwa kalasi, ine ndikufotokoza zimene ndinaloweza, zakuti mwezi ukudutsa pakati pa dzuwa ndi dziko. Cha m'ma 2 koloko palibe chimene chinkaoneka kusintha, ndipo anyamata ena anayamba kunong'onezana kuti aphunzitsi atinamiza. Itayandikira 3 koloko kuwala kunayamba kufooka mwachilendo, ngati nyali imene mafuta akutha, kamphepo kozizira n'kuyamba. Ndiye kamtsikana kena kamene m'kalasi sikankayankhula kanakuwa.

"Aphunzitsi, taonani pansi! Timiyezi!"

Paja pansi pa mtengo pamakhala timadontho ta kuwala tozungulira. Tsiku limenelo tonse tinali tasanduka tizikwakwa, mazanamazana, pafumbi, pakhoma, ngakhale pamayunifomu a ana. Kampata kalikonse pakati pa masamba kankaponya pansi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Mwana wina anaboola chikuto cha kope ndi munga, kadzuwa kodyeka kaja n'kugwera pachikhatho cha mnzake. Enanso anapingasa zala. Zimenezi m'buku langa munalibe, ndipo ine mphunzitsi ndinagwada pafumbi limodzi nawo.

Mlonda wa pasukulupo, mkulu wa imvi amene ana ankamuitana agogo, anali ataima chapatali ndi chibonga chake. Kutayambanso kuwala anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga akazi a mwezi mumawaphunzitsa?" Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo anakhala pachitsa n'kuuza anawo kuti mwezi ndi wamitala. Kuvuma kuli Chekechani, mkazi waumbombo amene samupatsa chakudya, n'chifukwa chake mwezi ukamaoneka m'bandakucha umakhala ukuwonda. Ukathawira kuzambwe kwa Puikani, amene amaphika bwino, umayamba kunenepa tsiku ndi tsiku. Anatchulanso Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kothithikana kaja, ndi Akamwiniatsatana, zitatu zondondozana, ndi Mlalang'amba umene umadula thambo pakati usiku wa chisanu.

Nkhani ya mitalayi musaipeputse. Mwezi wowonda umaonekadi kum'mawa kukamacha, ndipo mwezi watsopano umaonekadi kumadzulo dzuwa likangolowa, n'kumakula. Makolo anaziyang'ana zimenezi mosamala kuposa ine wa satifiketi. Chimene ndinadzawonjezerapo nditafufuza n'chakuti akazi awiriwa ndi munthu mmodzi, Venus yemwe uja wa pabolodi, amene ife timamutchula nthanda. Amatha miyezi pafupifupi 9 akuoneka madzulo, n'kusowa, kenako n'kutulukira m'mawa. Chaka chimenecho mu January ankawala madzulo, pofika June anali wa m'bandakucha. Ndinauza ana kuti amene amadzuka kukatunga madzi kusanache akamuone. Lolemba lotsatira manja anali m'mwamba kalasi yonse, ngakhale a anyamata amene kuchitsime sapondako.

Kuyambira pamenepo mutu umenewu ndinkayambira panja. Tinakhoma ndodo pabwalo n'kumayeza mthunzi wake masana. Mu June unali wautali, woloza kumwera. Chakumapeto kwa October unasowa, dzuwa lili paliwombo penipeni, ndipo zimenezi zimabwereranso mu February. Apa mpamene ana anamvetsa chifukwa chake mabuku ena olembedwa ku Ulaya amati June ndi mwezi wotentha pomwe ife tikuwotha moto: dziko n'lopendekeka, mbali imodzi ikaweramira kudzuwa inayo imakhala itafulatira.

Chojambula changa cha pabolodi chija ndiye chinali bodza lalikulu, poti chinkaika mapulaneti moyandikana ngati nyumba za pamudzi. Tsiku lina ndinabwereka mpira umodzi wokhawo wa sukulu, kwa aphunzitsi a zamasewera amene anandiperekeza ndi maso mpaka pabwalo. Mpira ukakhala dzuwa, dziko limakhala kanjere ka mawere, pamtunda wa mamita 24. Tinayeza ndi chingwe, kanjere n'kukaika pakapepala. Ndinawauza kuti danga limeneli kunjako ndi makilomita 150 miliyoni, ndipo kuwala kumatenga mphindi 8 kuti kulidutse. Neptune akanakhala mamita 700 kuchokera pampirawo, kutsidya kwa dambo, pafupi ndi chigayo. Anyamata awiri anadzipereka kupita naye, ndipo tsiku limenelo sanabwererenso m'kalasi.

Tili mkati moyang'ana anyamatawo akuzimiririka, nkhuku ya ahedi inafika mwakachetechete n'kujompha dziko lathu. Ana anagubuduka ndi phwete. Ahedi anatuluka mu ofesi kudzaona phokosolo, ndipo atamva nkhani yake anangopukusa mutu, n'kulowa m'nyumba mwawo kukatitapira mawere ena.

Gawo lotsatira ndidzakusimbirani za kusamutsidwa kwanga, ndi mmene katundu wanga anagonera masiku awiri pamsewu kudikira thirakitala.